Potensho ya Adona

Mawuwo anawamva kusikelo, mwana ali mbulanda patebulo la anamwino.

Anamwino anamugwira mwanayo m'khwapa n'kumuimika. Mwana anapinda miyendo pang'onopang'ono, ngati mpando wopinda wa pamsonkhano, n'kukhala pansi. Anamuimikanso. Anakhalanso, kenako n'kutambasula dzanja kuti amupatse cholembera chimene chinali m'thumba la yunifolomu yawo.

"Amakwawa?" anafunsa anamwino.

"Amakwawa akafuna," anayankha mayi wa mwanayo. "Koma safunafuna."

"Anzake obadwa nawo mwezi umodzi akuthamanga panjapo. Mwawaona?"

Anali atawaona, ndipo anawaona bwino kuposa anamwinowo. Wina anali ndi chotupa pachipumi, wina bondo lomata pulasitala.

Mwanayo kunyumba ankamutcha Adona. Dzinalo anamupatsa ndi alamu a mayi wake, mng'ono wa bambo a mwanayo, chifukwa chaka chinatha, theka la china n'kuyandikira, mtsikanayo akungokhala pamkeka n'kumaloza chimene akufuna, anthu akuluakulu n'kumathamanga. Dzina litakhazikika, mayi wake naye anasanduka Make Dona, ndipo aliyense m'nyumbamo ankamutchula mwanayo mwaulemu: Adona adzuka, Adona akana nthochi.

Anamwino anafinya timiyendo, anapinda mawondo, anakanda kuphazi.

"Mafupa ali bwino. Minofu ilipo. Mwanayu potensho ali nayo, mayi, yambiri." Anamubwezera kwa mayi wake. "Koma mukabwera mwezi wamawa asanaime yekha, ndikutumizani kuchipatala chachikulu akamuunike msana ndi mutu. Sikuti ndikukuopsezani."

Make Dona anamva zonse. Chipatala chachikulu chinamulowa m'mimba, koma chimene chinamulowa m'mafupa ndi potenshoyo.

Mawu amenewo ankawadziwa. Ali kusekondale, aphunzitsi a fizikisi anabwera ndi njerwa m'kalasi. Anaiika pansi n'kufunsa ngati ingapweteke munthu. Onse anati ayi. Anaikweza pamwamba pa kabati, m'mphepete penipeni, theka lake lili m'malere.

"Njerwa ndi yomweyo," anatero aphunzitsiwo. "Sinanenepe, sinakwiye. Koma pano ili ndi potensho. Mphamvu ndagwiritsa ntchito poikweza ija sinatayike, yasungika m'menemo, ikungodikira. Mukaikweza kwambiri, potensho imachuluka."

Ndiye anaisiya pomwepo teremu yonse. Amene ankakhala pansi pa kabatiyo anali iyeyo. Mayeso a fizikisi anakhoza kuposa anzake, poti ena phunzirolo analimva ndi makutu, iye analimva ndi paliwombo.

Choncho ena akamati munthu ali ndi potensho amatanthauza kuti adzafika patali. Make Dona ankadziwa tanthauzo lenileni: chinthu chili pamwamba, ndipo sichinagwe. M'minibasi pobwerera anayang'ana mutu wa Adona, waukulu, wolemera, n'kuuyerekeza utakwezedwa pamwamba pa timiyendo tija. Njerwa pa kabati.

Atafika kunyumba anakhazika mwana pamkeka n'kuima pakati pa balaza, akuyang'ana nyumba yake ngati waiona koyamba. Potensho inali paliponse. Wailesi pa shelefu. Simbi yositira pamwamba pa kabati. Wotchi ya pakhoma, yodalira msomali umodzi, ndipo msomaliwo anakhoma ndi alamu akucheza. Chithunzi cha ukwati ndi galasi lake. Sutikesi pamwamba pa wadirobu, imene palibe ankakumbukira kuti muli chiyani.

Anayamba ndi simbi. Pofika madzulo zonse zinali pansi, zitandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Mipando anaigoneka cham'mbali. Tebulo linamuvuta, koma miyendo yake inali yomanga ndi mabawuti, ndipo atelala okhala m'nyumba yapansi anamubwereka sipanala osafunsa zambiri.

Mwamuna wake ankagwira ntchito kuofesi ya zanyengo, kumapeto kwa bwalo la ndege, komwe kuli kampanda ka waya ndi timabokosi toyera ta miyendo italiitali. Anthu a m'nyumba zawo zosanjikizanazo ankawatcha a Mwina, chifukwa ukawafunsa pamasitepe ngati uyanike zovala, ankayang'ana kumwamba nthawi yaitali n'kuyankha kuti mwina. Iwo dzinalo sankalikana. Ankati nthawi zambiri limalondola.

Anatsegula chitseko, chitseko n'kugunda wailesi. Anaima. Anayang'ana tebulo lopanda miyendo, mipando yogona, wotchi itatsamira khoma pafupi ndi nsapato.

"Tikusamuka?"

"Ayi."

"Kunabwera akuba aulesi?"

"Anamwino ati Adona ali ndi potensho."

A Mwina anavula nsapato n'kuyamba kufunafuna poziika. "Si nkhani yabwino imeneyo?"

"Inu munaphunzira fizikisi kuposa ine. Musandifunse ngati simukudziwa."

Anamwa tiyi atakhala pansi, makapu ali patebulo lija, lomwe tsopano linali lalitali ngati buku. Adona anakwawa pang'ono n'kutenga supuni. Anatenga buledi. Anatenga wotchi. Chibadwire zinthu zinali zisanawayandikirepo chonchi, ndipo ankaoneka ngati munthu amene boma lamva madandaulo ake.

"Make Dona," anatero a Mwina, "potensho imayezedwa kuchokera penapake. Mukuti wailesiyi ilibe chifukwa ili pansi. Pansi pake pati? Ife tikukhala nyumba yam'mwamba. Pansi pathu pano ndi denga la atelala. Kuyeza kuchokera pamsewu, tonse tili nayo, ndi mkeka womwewu."

Make Dona anatula kapu n'kuyang'ana simenti kwa kanthawi.

"Mwanena zimenezo kuti mtima wanga ukhale pansi?"

"Ndangonena."

"Musamangonena."

Loweruka kunabwera alamu. Iwo ankagwira ntchito ya zamagetsi, ndipo ankayenda ndi tesita m'thumba la malaya ngati cholembera. Anadumpha sutikesi, anazungulira mbale, n'kugwada pamaso pa mwana.

"Tawapeza, Adona. Ndamva kuti mwalamula kuti dziko litsike."

Adona anawapatsa buledi wonyowa ndi malovu. Alamu analandira ndi manja awiri.

"Musaseke, alamu," anatero Make Dona, n'kuwafotokozera za anamwino ndi za njerwa.

"Potensho? Imeneyo ndiye ntchito yanga, alamu anga. Mumaziona mbalame pa waya wamagetsi? Waya uja potensho yake ikhoza kuwotcha ng'ombe. Koma mbalame ili phee, ikudzikanda kukhosi. Chifukwa miyendo yonse iwiri ili pa waya umodzi, palibe kusiyana. Magetsi sayenda popanda kusiyana. Kuno kukwere, uko kutsike. Paliponse pakafanana, palibe chimayenda."

Anayang'ana balaza lonse, momwe chilichonse chinali pa msinkhu umodzi.

"Muno ndiye mwakonza bwino. Simungayende kanthu muno."

"Cholinga chake n'chimenecho."

"Ee, ndaona," anatero alamu, n'kuika buledi uja m'thumba, pafupi ndi tesita.

Koma mwezi unkatha. Make Dona ankafuna zinthu ziwiri, kuti mwana ayende ndi kuti asagwe, ndipo sankaona chifukwa choti asankhepo chimodzi. Tsiku lililonse ankawaimika Adona atawagwira m'khwapa, mapilo mbali zonse. Akangoti gwedegwede, manja a mayi anali atawakhazika kale. Tsiku lina anawapeza atagwira chitseko akuyesa kudzikoka, ndipo anathamanga n'kuwanyamula zinthu zisanafike poipa.

Masana mwana akagona, ankakhala pambali pake n'kumayang'ana timiyendoto. Ankatiyeza ngati tikufanana. Ankaona makonde aatali a chipatala chachikulu, makina ozizira, madokotala awiri akulankhulana chapansipansi atatembenukira kuwindo. Ankaganiza kuti mwina pali china chimene anadya ali woyembekezera, kapena chimene sanadye. Akatero ankadzuka n'kukafufuza ngati pali chinthu chatsala pamwamba. Panalibe.

Masiku amenewo kunkatentha motopetsa. Mpweya unali wolemera, wonyowa, malaya ankamata kumsana. Mitambo inkatukumuka masana n'kuphwa madzulo osagwetsa kanthu. Atelala anadikirira a Mwina pamasitepe.

"A Mwina, lero bwanji?"

"Mwina."

"Dzulo munateronso."

"Dzulo ndinalondola."

Make Dona anamva zonsezo ali pakhomo. Pa tiyi anafunsa: "Bwanji simungonena kuti igwa kapena siigwa? Anthu akutiseka."

A Mwina anapinda miyendo bwinobwino, poti kukhala pansi kunali kutayamba kuwapweteka m'chiuno.

"M'mawa uliwonse timaulutsa chibaluni, chonyamula kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi pamene chikukwera. Sabata ino manambala ake ndi oopsa. Mpweya wapansi pano ndi wotentha, wodzaza madzi. Utangopeza pokwerera sungaimenso, ukhoza kumanga mtambo wautali kuposa phiri. Ifenso timaitcha potensho."

"Ya kugwa."

"Ya kukwera. Kwathu zinthu zimayamba zakwera kaye."

"Ndiye bwanji sukukwera?"

"Pali chivindikiro. Pamwamba pang'ono pali mpweya wina wofunda, wangoyala phee. Wapansiwu ukati ukwere, umagunda pamenepo n'kubwerera. Tsiku lonse, kukwera pang'ono, kubwezedwa. Mphamvu ilipo, koma sabata ikhoza kutha osagwa dontho."

"Chivindikirocho chimafuna chiyani?"

"Sichifuna kanthu. Sichoipa. Chimangokhala pamenepo."

Nthawi yomweyo Adona anagwira bondo la bambo awo n'kuyamba kudzikoka. Make Dona anawagwira m'chiuno n'kuwakhazika pa pilo osayang'ana n'komwe, ngati munthu wobweza chitseko chimene chatseguka chokha. A Mwina anayang'ana m'kapu mwawo.

"Mwati chiyani?" anafunsa Make Dona.

"Sindinanene kanthu."

"Mwapuma mokweza."

Kutatsala masiku ochepa kuti abwerere kusikelo, a Mwina anafika kunyumba atagwira kabaluni kofiira pa ulusi. Anati ndi kamene amayezera kutalika kwa mitambo: amakasiya n'kuona nthawi imene katenge kuti kalowe mumtambo. Aka kanali ndi chilema pakhosi, anzawo amafuna kukataya.

"Mpweya uli m'menemo umayaka?" anafunsa Make Dona, atatsekereza pakhomo.

"Uwu suyaka."

"Kakaphulika?"

"Kamveka phokoso."

"Kakagwa?"

"Aka ndi kokha m'nyumba muno kamene kamagwera kumwamba."

Anakasiya. Kanakwera n'kukagunda kudenga, n'kukhala pomwepo, ulusi ukulendewera mpaka pamkeka. Adona anakweza mutu. Panali patapita masabata asanayang'ane m'mwamba, poti m'mwambamo munalibe choona.

Ulusiwo sunamusangalatse Make Dona. Ulusi umakulunga khosi. Anatenga sizasi, anayeza ndi maso pamene dzanja la mwana wokhala pansi lingafike, anawonjezera chikhatho chimodzi cha chitetezo, n'kudula.

Adona analoza baluni. Palibe anathamanga. Analoza bambo awo, n'kulozanso baluni. A Mwina anatola nyuzipepala yakale imene inali pansi n'kuyamba kuiwerenga mwachidwi. Adona analoza mayi awo.

"Ayi, Adona. Ndi kongoonera."

Adona anawayang'ana onse awiri ngati antchito amene ayamba mwano.

M'mawa mwake kabaluni kanali kataphwa pang'ono. Kanachoka kudenga n'kumayandama, ndipo chikhatho cha chitetezo chija chinali chitatha. Make Dona sanaone zimenezo. A Mwina atapita kuntchito anawiritsa madzi osambitsa mwana, n'kutuluka kukhitchini atanyamula poto ndi manja awiri, nsalu m'zigwiriro, nthunzi kumaso, akulowera kubafa. Njira inali yopapatiza, pakati pa wailesi ndi mbale. Ali pakati pa balaza anaona kuti pamkeka palibe munthu.

Adona anali pambali pa sutikesi. Anali atagwira chogwirira chake, matako m'mwamba, miyendo yowongoka. Kenako anasiya dzanja limodzi. Kenako linalo.

Make Dona anafuna poika poto. Tebulo linalibe miyendo. Mipando inali chigonere. Pansi ayi, pansi ndi pamene mwana angagwere. Shelefu inalipo, yopanda kanthu, koma kukweza madzi owira m'chipinda muli mwana, manja ake anakana okha. Kubwerera kukhitchini kunafuna kutembenuka, ndipo maso anakana. Kuthamangira mwana ndi poto ameneyu, ayi ndithu. Chinthu choopsa kuposa zonse m'nyumbamo chinali m'manja mwake, pa msinkhu wa chifuwa. Anayamba kubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono, akufufuza njira ndi chidendene. Kunali koyamba kuti mwana wake aime iye n'kumatalikira.

"Adona," ananong'ona. "Khalani pansi."

Adona sanamve. Anali aatali modabwitsa. Mutu uja unali pamwamba penipeni, ukugwedera. Kamphepo ka pawindo kanakankha baluni, ulusi n'kusunthira kukhoma. Adona anatukula phazi n'kuliponya kutsogolo ngati si lawo. Thupi linatsatira mochedwa. Anayamba kugwa, phazi lina n'kufika pa nthawi yake, kugwako n'kulephereka. Anayambanso kugwa, n'kulepherekanso. Make Dona, nthunzi ikumuwotcha chibwano, anaona kuti kuyenda n'kumeneko basi, kugwa kumene munthu amangokuzengereza.

Adona anagwira ulusi. Anaukoka, baluni n'kuwagunda pamphuno, iwo n'kugwa ndi matako, phu, pa simenti yopanda pilo.

Make Dona anadikira kulira, anadikira magazi. Adona anayang'ana simenti, anayang'ana mayi awo, n'kuyetsemula. Ulusi unapulumuka m'manja, baluni n'kukweranso. Adona anausa moyo ngati munthu wotumidwa kawiri kumalo amodzi, n'kuyamba kukwawira ku sutikesi.

Make Dona anali atafika pakhomo la khitchini. Anaika poto pa chitofu, anatseka chitseko, n'kubwerera pabalaza manja ali opanda kanthu. Manjawo ananyamuka okha kulowera kwa mwana. Anawayang'ana, anakhala pansi pafupi ndi wailesi, n'kuwakhalira.

Patapita kanthawi anatulutsa dzanja limodzi n'kuimba foni.

"Ayenda."

"Ndani?" anafunsa a Mwina. Pafoni pankamveka mphepo, ndi ndege chapatali.

"Adona."

"Apita kuti?"

"Kukhoma."

"Agwa?"

"Agwa."

"Ndiye?"

"Ndiye adzuka. Panopa akugwanso."

A Mwina atalankhulanso, mawu awo anamveka ngati a munthu wa chimfine.

"Ndiweruka msanga."

"Mudzere kwa alamu. Abwere ndi sipanala, tebulo likufuna miyendo."

"Mipando tiidzutse?"

"Iwiri. Simbi ikhala pansi."

Masana amenewo mvula inagwa yamphamvu kutsidya kwa tauni, kwawoko osagwa dontho. Atelala anafunsa a Mwina pamasitepe kuti nanga bwanji. A Mwina anati analondola mbali zonse ziwiri, n'kupitiriza kukwera masitepe mothamanga, zimene atelala anali asanawaonepo akuchita.

Tsiku la sikelo litafika, anamwino anawagwira Adona m'khwapa n'kuwaimika patebulo. Adona anapinda miyendo pang'onopang'ono n'kukhala pansi. Kenako anatambasula dzanja kuti awapatse cholembera.

"Kunyumba amayenda," anatero Make Dona.

"Onse amatero, mayi." Anamwino anayamba kutulutsa cholembera m'thumba, kaya kuti alembe za chipatala chachikulu, kaya kuti amupatse mwanayo.

"Musawapatse. Chiikeni pampando apo, pafupi ndi chitseko. Iwowa muwatsitse pansi."

Anamwino anamuyang'ana, koma anachita monga ananenera. Adona atakhala pa simenti analoza cholembera. Analoza anamwino. Analoza mayi awo. Make Dona anali pabenchi, atakhalira manja ake onse awiri, akuyang'ana chithunzi cha katemera pakhoma.

Adona anausa moyo. Anagwira mwendo wa tebulo, anadzikoka, n'kuuyamba ulendo, manja m'mwamba ngati munthu wowoloka madzi. Anatenga cholembera, anaona kuti chitseko n'chotsegula, n'kupitirira nacho kukhonde.

"Ndinanena kuti potensho ali nayo," anatero anamwino.

"Munanena."

Za chipatala chachikulu sanazitchulenso. Anapita okha kukhonde n'kubwera atanyamula mwanayo, cholembera atalanda movutikira. Pomubwezera kwa mayi wake anaona kachotupa pachipumi, kofanana ndi ka anzake othamanga panja paja, n'kukakhudza ndi chala.

"Nanga ichi?"

"Tebulo," anatero Make Dona. "Tinalibwezera miyendo."